Makilomita a ba Dixon

Ine ndine Edwell, telala wa pamsika wa Chawama, ndipo ntchito yanga ndi kusoka mathalauza, osati kusenza mawu a anthu. Koma abale a Kapambwe, mnyamata wa Chibemba amene ankafuna kukwatira, atabwera kudzandipempha kuti ndikhale shibukombe wawo, ndinavomera ngati chitsiru. Shibukombe ndi munthu woyenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani ya ukwati, chifukwa mkamwini salankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Anandisankha poti Chibemba ndimachimva, komanso ba Dixon, bambo wa mtsikanayo, timagawana mpanda. Agogo awo ndi agogo anga anafika ku Lusaka pa lole imodzi kuchokera ku Nyasalande. Ine ndinkaganiza kuti ndizingodya nkhuku mbali zonse ziwiri.

Poyamba zinkayenda bwino. Tiwo, mwana wa ba Dixon, ankamufuna Kapambwe, Kapambwe ankamufuna Tiwo, mbale za chitomero zinalandiridwa, tsiku linaikidwa ku tchalitchi. Chimene sindinawauze abale a mnyamatayo n'chakuti pakhomo pa ba Dixon pali ana awiri, ndipo Tiwo ndi wachiwiri. Woyamba amagona panja pansi pa shedi ya malata, dzina lake Chipembere.

Chipembere ndi galimoto ya m'tchire, ija yokoka ndi mateyala onse anayi, yoyera kale koma tsopano yofanana ndi mano a munthu wosuta fodya. Ba Dixon anaiyamba mu 1998 ili ndi makilomita 14 okha, akuyendetsera bungwe lina lokumba mijigo. Anadutsa nayo mu mchenga wa ku Kalabo, m'matope a ku Chama, m'misewu ya ku Kaputa imene ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye isanaloweko. Atapuma ntchito, bungwelo linangowapatsa galimotoyo poganiza kuti yatsala ndi miyezi iwiri. Papita zaka zisanu ndi ziwiri, ikunyamulabe tomato wa ku msika wa Soweto ndi maliro a m'komboni muno.

Chimene ba Dixon ankanyadira si thupi lake ayi, thupilo linawotcheredwa malo ambiri kuposa ketulo ya pamaliro. Ankanyadira injini. Injini imeneyo sinatsegulidwepo chiipangire, mabawuti a pamwamba akadali ndi penti ya kufakitale. Oilo ankasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, kaya kuli mvula kaya m'nyumba mulibe ndiwo. Dizilo ankasefa ndi nsalu, nsaluyonso ankapempha kwa ine. M'mawa uliwonse ankailiza mphindi khumi isananyamuke, moti ife a kuseri kwa mpanda tinasiya kugula mawotchi. Liwiro osapitirira 80, ndipo wina akawapitirira pamsewu ankangoti kuthamanga si kufika. Chiwongolero chake sichinagwiridwepo ndi munthu wina.

Kutsogolo kwa chiwongolerocho kuli mita yakale, ya timagudumu tisanu ndi kamodzi ta manambala. Mwezi wa Meyi chaka chino mitayo inali pa 996,329. Ba Dixon ankafuna chinthu chimodzi pa dziko lapansi: kufika pa miliyoni. Ndipo nthawi inali itawathera, chifukwa m'maso mwawo munayamba ng'ala, laisensi yawo imatha mu Ogasiti, ndipo ankadziwa kuti palibe dokotala amene adzawasainire ina. Anatsala ndi makilomita 3,671 ndi miyezi itatu. Chawama yense ankadziwa, ngakhale ana osewera m'ngalande ankawafunsa kuti, "Yafika pati lero, ba shikulu?"

Tsono Kapambwe. Mnyamata wa mtima wabwino, ndisaname, koma amagulitsa galimoto zakale pa yadi ina m'mbali mwa msewu wa Kafue, ndipo kumeneko chilungamo amachiona pa Khirisimasi pokha. Nsapato zosongoka, mafoni awiri. Lachitatu lina anabwera pa makina anga.

"Ba Edwell, motoka ija ndiye izanyamula Tiwo pa ukwati. Nifuna niikonzeko bwino, ikhale mphatso ya ba tata. Mailo bayenda kuchipatala cha maso na minibasi. Munipempheleko makiyi kwa ba mayo."

Ndinaona kuti ndi ulemu wa mkamwini weniweni. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga iwiri iyi, kwa ba Magdalene, mkazi wa ba Dixon. Iwo sanachedwe n'komwe. "Atenge," anatero. "Mwina ingabwere yosanunkha tomato."

Madzulo a tsiku lotsatira ba Dixon anatsika minibasi maso ali ofiira ndi mankhwala, n'kupeza Chipembere ikuwala pabwalo, mateyala akuda bii, mipando yochapa, pagalasi pakulendewera kamtengo konunkhira. Atamva kuti wina waiyendetsa nkhope inachita mdima, koma anaugwira mtima. Anasisita boneti, anatsegula, anayeza oilo ndi chala, n'kugwedeza mutu. Zikanathera pamenepo bwenzi tikudya nkhuku mpaka lero. Koma Kapambwe, atanjuta chapatali pansi pa mtengo wa mango, mutu ali choweramitsa monga mwa mwambo, anakhosomola.

"Ba Edwell, mubauze ba tata kuti mphatso yeniyeni ili mkati. Motoka manje ni yachinyamata. Mileji naibweza."

"Akuti chiyani?" anafunsa ba Dixon, ngakhale anamva bwinobwino.

"Akuti muone mita," ndinatero.

"Kaone iwe, Edwell."

Ndinasuzumira. 196,340. Kagudumu koyamba, kamene kanali pa 9, kanali pa 1. Makilomita 800,000 anapita ndi chala chimodzi. Ndinawerenga mokweza chifukwa panalibe kochitira.

Kapambwe anali kumwemwetera pansi, kudikira madalitso. Kuntchito kwake imeneyo ndiyo mphatso yaikulu imene munthu angapatse mnzake, ena amachita kulipira. "Mubauze kuti olo bafune kuigulisa, manje izayenda musanga," anawonjezera.

Ba Dixon anakhala pansi pa sitepe ya khonde. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenaka analankhula motsitsa, akuyang'ana ine.

"Edwell, umuuze fisi ameneyo kuti mbava yothyola nyumba ndi yabwino, imasiyako makoma."

Ndinatembenukira kwa Kapambwe, amene anali mamita anayi okha ndipo makutu ake ndi abwinobwino. "Akuti zikomo chifukwa chotsuka mateyala."

"Umuuze kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimene wazipukuta ndi chala chakecho, amayi ake anali asanamusiyitse kuyamwa ine ndili kale m'mchenga."

"Akuti anayamba ntchito kalekale."

"Umuuze kuti makilomita anga akapanda kubwera, ukwati kulibe. Mbale zawo adzatenge."

Pamenepo ndinalephera kusoka chigamba. Ndinanena momwe zinalili. Kumwemwetera kwa Kapambwe kunazima. Anati vimenevo ni vopepuka, akhoza kubweza pompo, mphindi khumi chabe, sikuludiraiva ili m'thumba. Ba Dixon anati munthu ameneyo akakhudzanso galimoto yawo adzamudula dzanja. Ndiye onani mlandu umene ndinausenza: makilomita abwere, koma wowabweza asakhudze galimoto, ndiponso makanika wina aliyense asayandikire, poti onse ndi amodzi.

Masiku asanu ndi anayi ndinayenda pakati pa Chawama ndi yadi ya Kapambwe mpaka chidendene cha nsapato chinatha mbali imodzi. Ndinapititsa kupepesa, ndinabwera ndi yankho lakuti pepani sapoletsa chilonda. Ndinapititsa tambala woyera wochokera kwa amalume a Kapambwe, tambalayo anabwezedwa, ndipo anandinyerera pa jekete mu minibasi. Kapambwe anaonda. Tsiku lina anandituma ndi nzeru imene ankaiona ngati yakuya.

"Mubauze kuti mita ija ili na manambala sikisi chabe. Ikafika pa miliyoni izabwelela pa ziro yeka. Manje balilila chani?"

Ndinakanena, poti ndi ntchito yanga. Ba Dixon anandiyang'ana.

"Akuganiza kuti sindidziwa? Ziro ameneyo ndi amene ndikumufuna. Ziro wogwirira ntchito, wobwera yekha ndi mateyala. Osati wa chala."

Choipa kwambiri chinali cha pa nsolo. Pali madoda amene amakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika kusewera nsolo kuyambira m'mawa, anthu oti sanayendetsepo ngakhale wilibala. Kwa zaka zambiri ankawombera m'manja ba Dixon akamadutsa. Nkhani itawafika anasintha nyimbo. Mkulu wawo, ba Nsofwa, anati iye ankakayika kuyambira kale. Injini yanji yoyenda miliyoni osatsegulidwa? Ngati mkamwini amadziwa kutsitsa manambala, ndani akudziwa amene anawakweza? Mawu amenewo anafika kwa ba Dixon asanazizire, ndipo anawapweteka kuposa kagudumu kaja. Anasiya kutuluka. Chipembere ankailizabe mphindi khumi m'mawa uliwonse, koma kuiyendetsa anakana, akuti sangayende ndi bodza patsogolo pawo. Tomato anayamba kunyamulidwa ndi ena, ndipo masiku a laisensi ankangotha galimoto ili chiimire.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Tiwo anabwera pa makina anga atavala yunifomu ya ku kiliniki kumene amagwira ntchito. Mtsikanayo mkwiyo anatengera bambo ake, pakamwa anatengera mayi ake.

"Ba Edwell, ndinu shibukombe kapena ndinu pilo? Mawu alionse mukungowafewetsa. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani mukawauze adadi kuti ine ndimafuna kukwatiwa ndi munthu, osati kudikira mita. Kapambwe analakwa chifukwa ndi wopusa, koma iwo akulakwa akudziwa. Mukawauzenso kuti Ogasiti sakudikira kuti mtima wawo uphwe. Mukasinthe liwu limodzi muone."

Kunena zoona ndinali nditatopa, ndipo kutchedwa pilo ndi mwana amene ndinamusokera diresi la ubatizo kunandiwawa. Ndinatseka makina dzuwa lili pamutu, ndinakalowa pa geti ya ba Dixon osaodira, n'kuwakhuthulira zonse monga anandipatsira. Ndinawonjezako zanga. Ndinati jekete langa likununkha tambala, makasitomala anga akuyenda ndi mathalauza ong'ambika, ndipo munthu wamkulu amene akusiya makilomita zikwi zitatu kuti awole chifukwa cha ba Nsofwa, munthu wobera ngakhale pa nsolo, ameneyo sakufuna miliyoni, akufuna kumveredwa chisoni.

Ba Magdalene, amene ankasankha nyemba pakhonde, anangoti, "Ehe."

Ba Dixon anati, "Loweruka. Masana, dzuwa likuwala. Anthu onse aone, a pa nsolo akhale kutsogolo. Ndipo mnyamatayo atembenuze kagudumu kamodzikamodzi, ine ndikanena."

Loweruka pabwalo panadzaza ngati pali chinkhoswe. Ba Nsofwa ndi anzawo anapatsidwa benchi. Amalume a Kapambwe anabwera ndi tambala yemwe uja. Kapambwe anafika atavala ovolosi, nsapato zosongoka atazisiya kunyumba. Anamasula mita m'galimoto, anaiika pa nyuzipepala pamwamba pa tebulo, n'kugwada. Ba Dixon anakhala pa mpando chapatali, atavala jekete la bungwe lawo lakale.

"Umuuze ayambe."

"Akuti yamba."

Kagudumu kanalira kuti tiki, 1 anakhala 2.

"Aime," anatero ba Dixon. "Amenewo ndi a Kalabo. Mchenga umeneza teyala mpaka pakati. Chaka chimenecho ndi chimene Tiwo anabadwa, ine ndili pa pantuni yowolotsa galimoto pamtsinje, ndinamuona ali ndi masabata atatu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, koma palibe amene ankandiyang'ana. Ndinatseka.

Tiki. Anafotokoza za ku Chama, mmene anawolokera mtsinje madzi akulowa pa zitseko, injini ikupumira pa paipi ya pamwamba, azungu awiri atakwera padenga akupemphera m'chilankhulo chawo. Anthu anaseka. Tiki. Anafotokoza za dizilo wosakaniza ndi palafini amene anagulitsidwa kumalire, mmene anakhetsera thanki yonse pansi n'kugona masiku awiri m'tchire kudikira wabwino, mabwana akuwatukwana pa wailesi. Pa 5 anangoti, "Amenewo ndi a mijigo ya ku Kaputa, palibe chokamba, fumbi lokhalokha." Pa 6 mawu anasintha.

"M'menemo muli makilomita 750 amene ndinayenda ndi bokosi la amayi anga kumbuyo, kupita nawo ku Lundazi. Sindinazimitse injini mpaka tinafika."

Ba Magdalene anapukuta m'maso ndi chitenje. Kapambwe anachotsa chala pa kagudumu, n'kuchiyang'ana ngati si chake.

"Ba Edwell," anatero motsitsa, "mubauze kuti nabweza mamita yambili maningi pa nchito yanga. Sininaganizepo kuti manambala yamakhala ya munthu."

Iyi ndinainena momwe inalili, liwu ndi liwu, ndipo ndinamumvera chisoni mwanayo. Ba Dixon anangokweza chala kuti apitirize. 7, 8, kenaka 9. Anthu anawomba m'manja. Ba Nsofwa anadzuka, anapita pa boneti yotsegula, anakanda bawuti ndi chikhadabo, anaona penti, n'kulengeza kuti iye sanakayikepo ngakhale tsiku limodzi.

"Sitinathe," anatero ba Dixon. "Kuchoka pano kupita ku yadi yake ndi kubwerera ndi makilomita khumi ndi imodzi. Amenewo si anga. Achotse."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma Kapambwe anawachotsa, ndipo zinamutengera nthawi yaitali kuposa 800,000 aja, poti timagudumu ta kumapeto n'tovuta. Atamaliza ananyamula mita ndi manja awiri, anandipatsa ine, ine ndinapereka kwa ba Dixon.

Anailandira, anaiyandikitsa kumaso. Anaitalikitsa. Anaitembenuzira kudzuwa, anaiyandikitsanso mpaka inakhudza magalasi. Anthu ankaganiza kuti akufufuza chinyengo. Ine ndinali pafupi, ndinaona kuti aigwira chadodolido, manambala ali mutu pansi.

"Edwell," ananong'ona, "zili bwino?"

"996,329," ndinanong'ona nanenso.

"Ndiye yomweyo."

"Ba Dixon, manambalawa munasiya liti kuwaona?"

"Pa Isitala. Ndimawerengera m'mutu, misewu ndimaidziwa." Anandibwezera mitayo. "Lachinayi lija dokotala anati ndisagwirenso chiwongolero. Osati Ogasiti. Tsiku lomwelo."

Mkwiyo wonse wa masiku asanu ndi anayi unandithera, ndinachita manyazi ndi zimene ndinawanena za kumveredwa chisoni. Munthuyo anatsika minibasi atalandidwa kale msewu, n'kupeza kuti zaka zakenso zapukutidwa.

Kapambwe anabwezera mita m'malo mwake, anamanga tizitsulo tonse, anatuluka, n'kubwerera kukanjuta pansi pa mango. Ba Dixon anaimirira, anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi. Ndinakonzeka kunyamula mawu.

"Kapambwe."

Ba Magdalene anagwira pakamwa. Amalume aja anatsala pang'ono kutaya tambala. Mpongozi kuitana mkamwini ndi dzina, pagulu, shibukombe ali pomwepo, zimenezo sizichitika. Kapambwe anandiyang'ana ine kuti ndimuthandize, ine ndinayang'ana kumwamba.

"Bwera kuno. Atsala 3,671. Uyendetsa iwe, ine ndikhala pambali. Mphindi khumi isananyamuke, 80 osapitirira, ndipo ukaponda dzenje ndidzamva." Anatambasula dzanja. "Khumi ndi imodzi aja unaba. Awa ndikukupatsa."

Kapambwe anayenda chogwada, analandira makiyi ndi manja awiri. Analowa, anatembenuza kiyi, injini inalira kamodzi kokha monga imachitira masiku onse. Tinaima tonse mphindi khumi zathunthu, palibe anadandaula.

Ba Dixon anazungulira kutsogolo kwa galimoto akutsata boneti ndi dzanja, mpaka anafika kumanzere, ku chitseko chimene sanalowerepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anapapasa pamwamba, anapapasa pansi, chotsegulira osachipeza. Tiwo anabwera, anawagwira dzanja, n'kuliika pamene chinali.